Za Malamulo Kumudzi: Mmisiri, kachitini ka zipolopolo ndi khoti

Tsiku la msika, kaya ndi ku Insaca kaya ku Entre-Lagos, pansi pa mtengo wa mango sipalephera kukhala mmisiri wokhoma zidebe, ndipo chapafupi pomwepo pamakhala mnyamata wowotcherera njinga ndi mawilibala. Amenewa ndi anthu amene mudzi sungakhale popanda iwo. Ndowa ikabooka anthu amathamangira kwa iwo, mbaula ikatha pansi ndi iwo, khasu likathyoka pamsuka ndi iwo omwewo. Nkhani ya sabata ino ikukhudza amisiri amenewa, chifukwa pali ntchito ina imene ingathe kuwapeza chakumadzulo, anthu atayamba kubalalika, itakulungidwa m'chiguduli.

Mwini wake wa ntchito yotere sakhala pa changu. Amayamba wapereka moni, n'kufunsa za kunyumba, n'kudandaula pang'ono za mitengo ya fodya, kenaka ndiye amamasula chiguduli chija. M'katimo mumakhala kachitsulo kopindika ngati nthochi, kotalika kuposa chikhatho, kofiira ndi dzimbiri.

"Amisiri, kanthu aka kandithera ndi dzimbiri. Simungandikonzere, kapena kundikhomera kena konga komweka? Za ndalama musade nkhawa."

"Kodi achimwene, kameneka si ka mfuti?"

"Aaa, mfuti mwaiona pati apa? Ndi chitini chabe ichi. Inu ntchito yanu si ya malata?"

Mawu akuti "ndi chitini chabe" ndiwo mutu wa nkhani. Mmisiri amene wakhala tsiku lonse osagulitsa ngakhale chidebe chimodzi akhoza kuwakhulupirira, makamaka ndalama ikaonekera. Kodi lamulo nalo limaona chitini chabe?

Kachitsuloko dzina lake ndi magazini, pa Chipwitikizi amati carregador. Ndi kankhokwe ka zipolopolo kamene amalowetsa kunsi kwa mfuti. Ka mfuti ya AK-47, imene ambiri kuno amangoti AKM, kamalowa zipolopolo 30, ndipo m'kati mwake muli sipuling'i imene imakankhira chipolopolo china m'malo mwa chimene chaphulika. Aliyense amene anayang'anitsitsa mbendera ya dziko lino, imene inakhazikitsidwa mu 1983, anakaonapo kanthuka. Pa nyenyezi pali buku, pa bukupo khasu ndi mfuti zapingasana, ndipo kunsi kwa mfutiyo kuli kachitsulo kopindika kaja. Popanda iko ngakhale mwana sangazindikire kuti mfuti ya pa mbendera ndi AK.

Sikuti ndi maonekedwe okha. AK yopanda magazini imasanduka ngati gogodela, chifukwa munthu amayenera kuika chipolopolo chimodzi ndi dzanja, kuwomba, n'kuikanso china. Ikangolandira magazini imatha kulavula zipolopolo zonse 30 pa masekondi osakwana asanu. Kotero amene wakonza kapena kukhoma magazini wadzutsa mfuti ya nkhondo imene inali itagona, ngakhale iye mfutiyo sanaione ndi maso.

Achinyamata angafunse kuti mfuti zopanda magazini zikuchokera kuti m'boma la alimi a fodya, chimanga ndi asodzi ngati Mecanhelas. Akuluakulu yankho akulidziwa. Nkhondo ya pachiweniweni pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inatenga zaka 16. Sitima za pa njanji ya Nacala, imene imadutsa ku Cuamba n'kufika ku Entre-Lagos ndi Nayuchi, zinaima mu 1984, ndipo kuyambira 1987 asilikali a Malawi analowa kudzalondera njanjiyo. Midzi inatsala mabwinja, anthu ataolokera ku Machinga kudzera m'madambo a nyanja za Chiuta ndi Chilwa. Pamene nkhondo inafika pachimake, othawa kwawo a ku Mozambique amene anali m'Malawi anaposa miliyoni imodzi.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama. Gulu la United Nations lotchedwa ONUMOZ linabwera kudzatsitsa asilikali ndi kutolera zida, ndipo linachoka kumapeto kwa 1994 chisankho choyamba cha zipani zambiri chitachitika. Koma mbali ziwirizi sizinkakhulupirirana, choncho zida zambiri sizinafike m'manja mwa ONUMOZ. Zina zinakwiriridwa m'zulu, m'mapanga ndi pansi pa nkhokwe. Asilikali ena paokha anabisa mfuti poganiza kuti mwina nkhondo ibwerera, kapena kuti tsiku lina idzagulitsidwa njala ikavuta. Kutsidya nako kunachitika zake. Mu Disembala 1993 asilikali a Malawi analanda zida a Malawi Young Pioneers pa chimene chinatchedwa Operation Bwezani, ndipo ambiri a iwo anathawira ku Mozambique, ena ali ndi mfuti zawo.

Tsopano papita zaka zoposa 30. Mfuti imene inapakidwa girisi n'kukulungidwa bwino imapirira pansi pa nthaka chifukwa chitsulo chake ndi chochindikala. Magazini ndi ya chitsulo chopyapyala, ndipo sipuling'i yake sichedwa kufooka ndi chinyezi. Wofukula amapeza mfuti ili moyo koma magazini itaola. Kusitolo sangaigule, kwa msilikali kapena wapolisi akuopa kufunsa, ndiye amakumbuka mmisiri wa pamsika amene manja ake amatha kupinda lata lililonse.

M'dziko la Mozambique nkhani zonse za mfuti zimayendera malamulo otchedwa Regulamento de Armas e Munições, amene anatuluka ndi Decreto 8/2007 ya pa 30 Epulo 2007. Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta kumva: kupanga, kukonza, kugulitsa, kulowetsa m'dziko, kusunga ngakhale kunyamula mfuti ndi zipolopolo kumafuna chilolezo cha boma, chimene chimadzera ku polisi ya PRM pansi pa unduna wa za m'dziko. Malamulowa amagawa mfuti m'magulu. Pali zodzitetezera, pali zosakira nyama, pali zamasewera, ndipo pali za nkhondo. Munthu wamba amene wakwaniritsa zonse zofunika angathe kupatsidwa laisensi ya mfuti yosakira kapena yodzitetezera. Ya mfuti ya nkhondo sangapatsidwe, ngakhale akhale wolemera chotani, chifukwa zimenezo ndi za asilikali ndi apolisi. AK ili m'gulu limeneli.

Apa ndi pamene mawu aja akuti "ndi chitini chabe" amagwera. Magazini ya AK imalowa ku mfuti ya nkhondo basi, ilibe kwina kolowa. Asilikali ndi apolisi, amene ndi okhawo oyenera kukhala nayo, amalandira zawo kuchokera ku nyumba zosungira zida za boma, sakhomesa pamsika. Ndiye kuti m'midzi yonse ya Mecanhelas, kuyambira ku Chiuta mpaka ku malire a Cuamba, mulibe munthu ndi mmodzi yemwe amene angagule magazini yokhoma pamanja movomerezeka. Kasitomala aliyense wa katunduyu ali kale ndi mlandu, ndipo mmisiri akalandira ntchitoyo walowa nawo m'mlanduwo.

Ena amati nanga chikwanje sichipha? Nanga nkhwangwa? Bwanji wosula zikwanje samangidwa munthu akatemedwa nacho? Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake lili m'ntchito ya chinthucho. Chikwanje chimadula mitengo, chimalambula munda, chimasema mpini, ndipo wosula akachigulitsa ali ndi chifukwa choganizira kuti chikupita kumunda. Magazini ntchito yake ndi imodzi yokha. Simungatungire madzi, simungasungire mchere. Woweruza milandu akamufunsa mmisiri kuti ankaganiza kuti kanthuka kakagwira ntchito yanji, palibe yankho lachiwiri limene angapereke.

Tikiti ya pamsika imene mmisiri amadula tsiku ndi tsiku, ngakhale chiphaso cha bizinesi chochokera ku ofesi ya boma, ndi za ntchito ya malata ndi kuwotcherera. Sizimupatsa mphamvu yokhudza zida. Wokonza mfuti wovomerezeka, amene pa Chipwitikizi amati armeiro, amakhala ndi chilolezo chapadera ndipo apolisi amadziwa malo ake ndi mfuti iliyonse imene yalowamo.

Chilango chili m'buku la milandu, Código Penal. Limene likugwira ntchito linakhazikitsidwa ndi Lei 24/2019 ya pa 24 Disembala 2019, ndipo monga analili mabuku am'mbuyomo lili ndi mlandu wotchedwa armas proibidas, kutanthauza zida zoletsedwa. Ndi mlandu wa ndende. Komanso bukuli sililanga wogwira mfuti yekha. Amene wathandiza kuti upandu utheke, monga popereka chida akudziwa ntchito yake, amaweruzidwa ngati mnzake wa wopalamulayo. Magazini ikapezeka pa munthu amene wabera wogula fodya pamsewu kapena wapha mwini golosale, apolisi ofufuza milandu a SERNIC amafunsa kuti inachokera kuti. Munthu amene ali m'chitokosi sasunga chinsinsi cha mmisiri. Dzina limatuluka, ndipo ntchito ya manja siibisika, chifukwa anthu a m'mudzi amazindikira kukhoma kwa mmisiri wawo monga amazindikirira kaumbidwe ka mbiya za mayi wakutiwakuti.

Wina asaganizenso kuti nkhani yotere ingathere pa bwalo la mfumu ndi mbuzi kapena nkhuku. Mafumu ndi makhoti a m'midzi, aja anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, amaweruza za malire a minda, za mabanja ndi timikangano tina, ndipo alibe mphamvu yotsekera munthu m'ndende. Mlandu wa zida umachoka ku polisi kupita kwa woimira boma pa milandu, kenaka ku khoti la boma. Kunena kuti "sindinkadziwa lamulo" sikumasula munthu kumeneko.

Masiku ano nkhaniyi yakulanso kuposa kale. Chiyambire pa 5 Okutobala 2017, pamene zigawenga zinaukira Mocímboa da Praia, chigawo cha Cabo Delgado chakhala pa nkhondo, ndipo kumapeto kwa 2021 ziwembuzo zinafika m'boma la Mecula m'chigawo chino cha Niassa. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo ku Maputo inakhwimitsa lamulo lolimbana ndi uchigawenga. Wapolisi amene wapeza magazini zitatu kapena zinayi zatsopano m'shedi ya wowotcherera sayamba kuganiza za nguluwe za m'munda. Pali ndi nkhani ya njovu. M'nkhalango yotetezedwa ya Niassa njovu zinali pafupifupi 12,000 mu 2011, koma pofika 2016 zinatsala zosakwana 4,000, ndipo zambiri zinaphedwa ndi mfuti za nkhondo zomwezi. Poona izi boma linasintha lamulo la zachilengedwe ndi Lei 5/2017, imene inaika zaka 12 mpaka 16 m'ndende kwa opha nyama zotetezedwa ndi amene amawathandiza. Mecula ndi kutali ndi Insaca, koma magazini ndi kanthu kolowa m'thumba la jekete, ndipo mmisiri sadziwa kumene kadzagone.

Anthu a m'malire ali ndi chizolowezi choganiza kuti zikavuta kuno kuli kutsidya. Pa nkhani ya mfuti maganizo amenewa ndi osathandiza. Pa 14 Ogasiti 2001 atsogoleri a maiko a SADC, kuphatikizapo Mozambique ndi Malawi, anasaina mumzinda wa Blantyre pangano loletsa kufala kwa mfuti, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2004. Dzina lake lenileni limatchula zinthu zitatu: mfuti, zipolopolo, ndi zipangizo zina zokhudzana nazo. Pofotokoza chachitatucho panganolo limati ndi ziwalo kapena masipeyala amene mfuti singagwire bwino ntchito popanda iwo, ndipo kupanga zimenezi popanda chilolezo ndi kupanga zida mozemba lamulo. Amene analemba panganoli ankadziwa kuti mfuti siyenda yathunthu nthawi zonse. Imaoloka malire chiwalo chimodzichimodzi, china m'thumba la chimanga, china pansi pa nsomba zouma.

Ku Malawi kuli lamulo lawo la mfuti, Firearms Act, la chaka cha 1967, limene limafunanso kuti mfuti iliyonse ilembetsedwe ndi kukhala ndi laisensi, ndipo ogulitsa ndi okonza mfuti akhale ovomerezeka. Kumeneko mlandu wakuba ndi chida choopsa chilango chake chachikulu m'buku ndi kukhala m'ndende moyo wonse kapena kunyongedwa, pamene Mozambique inathetsa chilango cha imfa ndi malamulo oyendetsera dziko a 1990. Apolisi a maiko awiriwa ali m'bungwe limodzi la akuluakulu a polisi a kumwera kwa Africa, SARPCCO, limene linayamba mu 1995, ndipo amapatsana mauthenga. Mmisiri wa ku Entre-Lagos amene wagulitsa magazini kwa munthu wa ku Nayuchi wapalamula mbali zonse ziwiri, ndipo kwa azakhali ake ku Machinga sikungakhale kobisalako.

Chimene chikusokoneza achinyamata ena ndi mafoni. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pamayenda makanema a azungu akuonetsa mfuti ndi magazini zawo poyera, ena akudzipangira okha, ndipo mnyamata wodziwa kuwotcherera amaona ngati ndi luso longa lina lililonse. Makanema ambiri otere ndi a ku America, kumene malamulo oyendetsera dziko amapatsa nzika ufulu wokhala ndi mfuti. Ngakhale kumeneko nkhani ya magazini siinagone. Kuyambira 1994 mpaka 2004 lamulo la dziko lonse linkaletsa kupanga magazini zatsopano zolowa zipolopolo zoposa 10 zogulitsa kwa anthu wamba, ndipo zigawo zina monga California zinapitiriza ndi ziletso zawozawo. Ku New Zealand, munthu mmodzi atapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ya ku Christchurch pa 15 Malichi 2019, boma linaletsa magazini zikuluzikulu mwezi wotsatira womwewo n'kuyamba kuzigula kwa eni ake kuti liziwononge. Maiko amenewa anaona chimodzimodzi, kuti kuchuluka kwa maliro kumadalira kanthu kaja ka kunsi kwa mfuti. Ndipo mulimonse mmene lingakhalire lamulo la ku America, woweruza wa ku Insaca sawerenga limenelo.

Nanga gogodela? Funso ili silingalephere, chifukwa mfuti yothira wonga kukamwa ndi yakale m'dera lino kuposa boma lenilenilo. Inabwera ndi amalonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800, nthawi ya mafumu a Chiyao monga Mataka ndi Makanjira, ndipo osula a m'midzi anaphunzira kuikonza pa chipala ndi mvukuto, ena mpaka kuipanga. Madala ambiri amaiona ngati chuma cha makolo, chimodzimodzi uta ndi mkondo. Gogodela ilibe magazini, imawomba kamodzi n'kudikira. Komabe pamaso pa lamulo ndi mfuti, ndipo kuipanga, kuigulitsa kapena kuisunga popanda chilolezo ndi mlandu ku Mozambique ndi ku Malawi komwe. Ilinso ndi vuto lakelake: mpope wa madzi kapena chitsulo cha galimoto sichinapangidwire moto wa wonga, ndipo chikaphulika chimayambira pa zala ndi maso a mwini wake.

Pamenepa alimi ali ndi dandaulo lomveka, ndipo silofunika kulipeputsa. Wolima mpunga kapena chimanga m'mbali mwa Chiuta ndi Amaramba amadziwa chimene mvuu imachita usiku umodzi. Ng'ona zimagwira asodzi ndi amayi otunga madzi. Nguluwe ndi anyani samvera chigalu cha m'munda. Njira ya lamulo ndi kukanena kwa mfumu ndi ku ofesi ya zaulimi ya boma, imene imatha kutumiza anthu ovomerezeka kudzathana ndi nyama yovuta. Alimi amati thandizo lotere limafika munda utatha kale, ndipo nthawi zambiri sanama. Limeneli ndi vuto loyenera kulikambirana mwamphamvu pa misonkhano ya mafumu ndi akuluakulu a boma. Koma khoti silinamasulepo mfuti ya nkhondo chifukwa cha mvuu, ndipo mfuti imene inalowa m'mudzi chifukwa cha nguluwe imakhalapobe pa tsiku la mowa, pa mkangano wa malire a munda ndi pa nsanje ya m'banja.

Tsono munthu wapeza magazini kapena mfuti polima, pokumba chimbudzi kapena pogumula chulu, achite chiyani? Choyamba asaigwire ndipo asapitirize kukumba. Amene ankabisa zida nthawi zambiri ankaika pamodzi ndi mabomba a m'manja, ndipo ena ankatchera bomba kuti wofukula asapindule. Bungwe la HALO Trust linamaliza kuchotsa mabomba okwirira odziwika m'zigawo za kumpoto, Niassa ili momwemo, mu 2007, ndipo dziko lonse linalengezedwa kuti lathana ndi minda ya mabomba yodziwika mu Seputembala 2015. Mawu ofunika ndi akuti "yodziwika". Dzenje limene msilikali mmodzi anakumba yekha usiku silinalembedwe pa mapu a wina aliyense. Aike chizindikiro, aletse ana, akauze mfumu kapena mlembi wa mudzi, ndipo apite nawo limodzi ku polisi kuti apolisiwo abwere okha pamalopo. Kuimanga pa keliyala ya njinga n'kuyamba ulendo wa ku polisi ndi kudziika m'mavuto, chifukwa akakumana ndi apolisi a m'malire panjira, chimene akuona ndi munthu wonyamula chida.

Makolo achenjerenso ndi malonda a zitsulo zakutha. Ana amatola chilichonse cholemera kuti akagulitse pa sikelo, ndipo kwa mwana wobadwa nkhondo itatha magazini yadzimbiri, mwina ili ndi zipolopolo m'kati, ndi chitsulo ngati china chilichonse. Wogula zitsulo amene wailandira n'kuiika padera podikira kasitomala wabwino wayamba malonda a zida, ngakhale sikelo yake ikhale ya sukata.

Anthu amaopa kukanena, ndipo manthawo ali ndi chifukwa. Amati ukapita ndi nkhani ya mfuti ku polisi, woyamba kufunsidwa ndiwe. N'chifukwa chake kuli bwino kupita ndi mboni zodziwika, mfumu, shehe, m'busa kapena katekisiti, kuti zidziwike kuti munthuyo wabwera yekha mwa kufuna kwake. Mbiri ya dziko lino ikuonetsa kuti mantha amenewa akachotsedwa zida zimatuluka. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, kusandutsa zida kukhala makasu. Wobweretsa mfuti sankafunsidwa dzina kapena kumene waitenga, ndipo ankalandira khasu, njinga, makina osokera, malata kapena simenti. Chaka chomwecho apolisi a Mozambique ndi a South Africa anayamba Operation Rachel, yofufuza ndi kuphulitsa zida zokwiriridwa, ndipo amene ankawalozera malo anali anthu a m'midzi. Ngakhale posachedwapa, pangano la pa 6 Ogasiti 2019 pakati pa a Filipe Nyusi ndi a Ossufo Momade linatsitsa asilikali a Renamo 5,221, ndipo msasa wawo womaliza ku Vunduzi, m'boma la Gorongosa, unatsekedwa mu Juni 2023.

Pa ntchito ya mipingo ija pali kanthu kamene amisiri angakonde kumva. Zida zimene zinkatoleredwa zinkadulidwa zidutswazidutswa, ndipo zina zinkaperekedwa kwa aluso a ku Núcleo de Arte ku Maputo, anthu ogwira ntchito ndi moto wowotcherera womwewo umene uli pamsika wa Insaca. Mmodzi wa iwo, Cristóvão Canhavato wodziwika kuti Kester, anapanga mpando wachifumu ndi zidutswa za mfuti mu 2001, ndipo nyumba yosungira zakale ya British Museum ku London inaugula. Mu 2005 nyumba yomweyo inaonetsa mtengo waukulu wachitsulo umene Kester ndi anzake atatu anapanga ndi zida zodulidwa. Woyang'anitsitsa ntchito zimenezi amaona mipope ya mfuti, zogwirira, ndi magazini zopindika zija zitawotchereredwa moti sizidzalowanso chipolopolo. Amenewo ndi owotcherera a m'dziko lino amene anagwira magazini za AK poyera n'kutamandidwa nazo, ndipo zinkawafika zitadulidwa kale, boma likudziwa.

Mmisiri wa pansi pa mango uja alibe bishopu pambali pake. Ali ndi nyundo, sizasi ya malata ndi munthu amene wakhala patsogolo pake ndi chiguduli chotsegula. Chimene angayankhe ndi chachifupi.

"Achimwene, kameneka ine sindikhudza. Mukakhala ndi ndowa yobooka bwerani nayo."

Munthuyo akulunga kanthu kake, mwina mokwiya, mwina moseka, n'kukwera njinga. Kwa mmisiri nkhani siinathere pomwepo, chifukwa tsopano akudziwa kuti penapake pafupi pali AK imene ikungodikira magazini, ndipo si iye yekha wodziwa kupinda lata m'boma lonseli. Munthuyo si mlendo. Ndi mwana wa m'mudzi woyandikana, mwina anavinidwa naye limodzi, mwinanso ndi mlamu wake. Kumutchula n'kovuta, ndipo angathe kudziwa amene wamutchula. Dzuwa likulowa, mmisiri akumanga zidebe zotsala pa njinga, ndipo njira yopita kwawo imadutsa pakhomo pa mfumu.